Patapata za Enifa pa Njanji ya ku Ruo

Nkhani iyi sindiikamba nyengo yotentha. Imafuna mwezi wa Juni kapena Julayi, pamene chiperoni chaphimba phiri la Bangwe, zitseko zatsekedwa usana, munthu wakhala pafupi ndi mbaula manja ali pamwamba pa makala. Lero kunja kuli choncho. Sendezani mpando wanu kuno, ndikuuzeni za tsiku limene ndinasiya mkazi wanga pa mlatho, iye atamwalira kale zaka ziwiri.

Ine ndine Wayisoni Namakhwa. Ndinachoka m'dziko muno ndili mnyamata, satifiketi ya JC ili m'thumba, ndipo ndinakakalambira ku Zimbabwe pa mgodi wina kufupi ndi Kadoma, kumene ndinali kalaliki wosunga zida. Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndinakhala kumeneko. Mkazi wanga Enifa ndinamukwatira kwa Mulepa, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Ruo kumunsi kwa Sandama, ndipo tinanyamuka pa sitima patangotha masabata atatu titadalitsa ukwati.

Enifa ankaopa madzi. Ali mwana anaona bwato likugudubuka pa Ruo ndi anthu ochokera kutsidya, ndipo mantha amenewo sanamuchoke. Njanji ya kumeneko ili ndi timilatho tambiri, chifukwa mitsinje yonse yotsika m'mapiri a Thyolo imadutsa pansi pake pokathira mu Ruo. Tsiku la ulendo wathu, sitima ikamayandikira mlatho iye ankatsinzina n'kundigwira mkono wa malaya. Ine ndinkati, "Enifa, nawa madzi." Tikafika kutsidya ndinkati, "Tawoloka," ndipo pamenepo ankatsegula maso. Zinayamba ngati masewera a anthu ongokwatirana kumene, koma zinakhala chizolowezi chathu mpaka imvi. Ana athu ankatiseka nazo m'basi.

Anadwala nthawi imene malire anali otseka chifukwa cha mliri uja. Tsiku lina m'chipatala anandiuza kuti ndiyandikire.

"A Namakhwa, ndikudziwa kuti mundiika kuno kwa eni. Koma musandisiye. Njira ikadzatseguka mudzatape dothi la kumutu kwa manda anga, mukalikwirire kwa Mulepa pafupi ndi amayi. Panjira muzikandiuza madzi, monga ankachitira makolo kwathu akanyamula maliro. Wakufa akangomva madzi amaima. Mukadzadumpha pamodzi, ndidzatsala pomwepo."

Ndinamufunsa ngati ndinaiwalapo n'kamodzi komwe pa zaka zonsezo. Anangomwetulira.

Patapita zaka ziwiri ndinatapa dothi lija, ndinaliika m'chitini cha tiyi, n'kuchikulunga ndi mpango wake wa kumutu, wobiriwira wa madontho oyera. Ndinamanga mfundo ziwiri. M'basi ndinakhala pa windo chikwama chili pamiyendo, ndipo sindinagone njira yonse. Zambezi ndinamuuza pa Tete, Shire ndinamuuza pa Zalewa, ndi timitsinje tonse ta pakati pake, pakamwa pali pa zipi ya chikwama.

Ku Bangwe ndinafikira kwa alamu anga a Dayitoni Muhiwa, achimwene ake a Enifa, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Iwo anandiuza kuti msewu wotsikira kwa Mulepa unagumuka ndi madzi osefukira, ndipo sitima inasiya kalekale kutsikira kumeneko. Njira inali imodzi yokha, kuyenda wapansi pa njanji yakufayo kuchokera pa Sandama. Mwamwayi, alamuwo anali m'gulu la anthu opuma ntchito amene ankayenda maulendo apansi Loweruka lililonse, pothawa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ankadzitcha Achinyamata Akale. Anali atagwirizana kale kuti m'nyengo yozizira adzayenda pa njanji imeneyo, motsatira Ruo.

Madzulo ake alamu anaona chitini chija patebulo, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Alamu, dothi ndi dothi. Mlongo wanga ali m'manja mwa Ambuye, sali m'chitini. Koma poti munalonjeza, tipita. Ndikupempha chimodzi: zolankhula ndi chitini pamaso pa anthu, ayi. M'gulu muja muli anthu ophunzira, ena ndimawalalikira Lamulungu."

Ndinavomera. Munthu amene wakhala kunja zaka zambiri amabwera kwawo ngati mlendo, ndipo amaopa kusekedwa kuposa mwana wa sukulu.

Minibasi inatisiya pa Sandama cha m'ma eyiti m'mawa, tili anthu khumi ndi mmodzi. Kunali chiperoni chenicheni, chija chimabwera kuchokera kutsidya kwa Mozambiki ngati utsi wonyowa, mvula yosaoneka koma yolowa mpaka m'mafupa. Anzathu anali ndi majekete okhuthala, nsapato zoyendera ndi ndodo zachitsulo zogula m'sitolo. Ine ndinali ndi jasi langa lakale la ku mgodi ndi sikafu imene anandilukira Enifa. Wotsogolera anali Mayi Nanthuru, namwino wopuma ntchito, amene aliyense ankawatcha a Sisitala. Panalinso a Khoromana, amene kale ankayendetsa malole, bambo wamimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. Atangomva kumene ndachokera anandipatsa dzina loti a Kadoma.

Njanji inali itamera tchire. Zitsulo zinali zofiira ndi dzimbiri, ndipo pena anthu anali atabzala chinangwa mpaka m'mphepete mwa miyala. Pena nthaka inali itakokoloka, zitsulo zili lendelende m'malere ngati zingwe zoyanikira zovala, ndipo tinkatsikira m'munsi kuzungulira. Ruo anali kumanzere kwathu, nthawi zina pafupi moti tinkaona miono ya asodzi pakati pa miyala, nthawi zina kumangomveka mkokomo wake m'nkhungu. A Sisitala ankatichenjeza za chitedze chimene chinali chitauma m'mbali mwa njira. Ine mtima unali kwina. Ndinkazindikira mitengo ya mbawa, ndinkazindikira pokhota pena pamene azimayi ankathamangira sitima ndi madengu a nthochi pamutu. Zonse zinalipo, koma zopanda anthu.

Pa mlatho woyamba ndinatsalira m'mbuyo dala. Ndinakweza sikafu kukamwa n'kunong'ona mawu athu aja. Nditawoloka ndinamva chinthu kumbuyo kwanga pa miyala ya njanji. Phwa, phwa. Phwa, phwa.

Enifa sankakonda nsapato zotseka. Ngakhale m'chisanu cha ku Kadoma ankavala patapata ndi masokosi, ndipo chiyambireni kuvutika ndi chiuno ankakoka pang'ono mwendo wamanzere. Kuyenda kwake ndikanakuzindikira pakati pa anthu chikwi. Ndinatembenuka. Kunalibe munthu, kupatula galu wofiirira wa pa Sandama amene anatitsatira. Koma galuyo sankayenda pa mapazi anga. Ankayenda cham'mbali, kusiya mpata pakati pa iye ndi ine, ndipo kawirikawiri ankakweza mutu kuyang'ana m'mwamba pampatapo, mchira ukugwedera.

Mudzaganiza kuti ndinachita mantha. Ayi. Zaka ziwiri nyumba yanga inali zii. M'mawa umenewo ndinayenda ngati mnyamata.

Pa mlatho wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi zinayenda bwino. Pa wachisanu mphepo inadukiza mwadzidzidzi nthawi yomwe ndinkalankhula, ndipo a Khoromana anali pafupi kuposa momwe ndinkaganizira.

"A Kadoma, mukulankhula ndi ndani? Kodi m'chikwamamo mwabisamo wa ku Halale? Mutulutseni timuone, ifenso ndife amuna."

Gulu lonse linaseka. Sikunali kuseka koipa, kunali kwa anthu ozizidwa ofuna chowatenthetsa. Koma ndinaona alamu atatembenuka, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinayankha kuti ndimangowerenga mathabwa a pa mlatho, chizolowezi cha ukalaliki.

Mlatho wachisanu ndi chimodzi unali wautali kuposa enawo. Pa chipilala chake panali nambala 31 yolembedwa ndi penti yofufutika. Pansi pake kamtsinje kankathamanga mwaukali pakati pa miyala yakuda, ndipo pakati pa thabwa ndi thabwa panali mpata woonekera madzi. A Khoromana anandikoleka mkono ngati mkwati ndi mkwatibwi, akuti okalamba awiri akagwirana amapanga munthu mmodzi wamphamvu, ndipo anati tiwerengere limodzi mokweza kuti kalaliki asalakwitse. Anayamba iwo, ena anawalandira. Ine ndinawerenga nawo. Ndinasekanso nawo. Mathabwa anali makumi awiri ndi atatu. Mumtima ndinadziuza kuti Enifa amva ndithu, kuti mawu a mumtima ndi mawu omwewo.

Tinayenda kamtunda ndisanazindikire chimene chasintha. Nsapato za anzanga zinkamveka, ndodo zawo zinkamveka, Ruo ankamveka. Kumbuyo kwanga kunali chete.

Ndinachepetsa liwiro, ndinaima, ndinayambanso. Palibe. Galu ujanso panalibe. Mayi wina anati anamuona atakhala kutsidya kwa mlatho uja, akukana kuwoloka ngakhale anamuponyera chitumbuwa. Ndinafuna kubwerera nthawi yomweyo, koma ndikanati chiyani? Ndinadzinamiza kuti mwina mkokomo wa mtsinje ndi umene ukuphimba phokosolo. Ndinayendabe, ndipo phazi lililonse linkalemera kuposa linzake.

Itadutsa thu koloko tinapuma pa mchenga m'mbali mwa Ruo, pansi pa mkuyu waukulu. Anthu anatulutsa mafulasiki a tiyi, mbatata yophika ndi chinangwa. Kutsidya kunali msodzi m'bwato. A Khoromana anamukuwira moni, iye anatiyang'ana, kenako anayang'ana kumtunda kumene tinachokera, n'kupalasa msangamsanga kulowa m'bango.

Ndinatsegula chikwama kuti nditenge mbatata yanga. Chitini chinali momwemo, koma chosakulunga. Mpango panalibe. Zipi inali yotseka chitsekere pa Sandama, ndipo mfundo ziwiri zija ndinazimanga ndi manja angawa. Ndinakhuthula zonse pamchenga. Ndinanyamula chitini, chinali chopepuka ngati chopanda kanthu. Ndinatsegula, dothi linali lodzaza mpaka pakamwa monga ndinaliikira. A Sisitala anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndamwa mankhwala anga m'mawa, chifukwa nkhope yanga sinawasangalatse.

Ndisanayankhe tinamva kulira kwa chitsulo. Ngwee. Kenako chete. Ngwee. Kunkachokera kumunsi, kumene tinali tisanafike, ndipo kunkayandikira mosafulumira. Anthu anasiya kutafuna.

M'nkhungu munatuluka munthu akuyenda pakati pa njanji. Anavala ovolosi yosuluka ndi chipewa chofota, m'khwapa atapanira timbendera tiwiri tokulunga, kofiira ndi kobiriwira. M'dzanja anali ndi nyundo ya chigwiriro chachitali. Akayenda mapazi angapo ankamenya chitsulo, n'kupendeketsa mutu kumvetsera, monga ankachitira oyendera njanji masiku akale. Za nkhope yake musandifunse. Pambuyo pake a Sisitala ankati anali mnyamata, a Khoromana ankalumbira kuti anali nkhalamba yopanda mano, ndipo ine ndimangokumbukira kuti ovolosi yake inali youma pamene tonsefe tinali titanyowa.

Alamu anamupatsa moni mwaulemu. Munthuyo anasiya kumenya chitsulo. Anaima pamwamba pa njanji moyang'anana ndi ine.

"Bambo, amayi atsala pa nambala 31 aja ndi anu? Akhala pa chitsulo penipeni. Ndawauza kuti asunthe, akuti akudikira kuuzidwa."

Iye anayang'ana kumwamba ngati akuona dzuwa limene ife sitinkaliona.

"Ya folo koloko ikubwera. Siisankha. Aliyense amene yamupeza akudikira imamutenga, ndipo kumene imapita sibwerako ndi munthu."

A Khoromana anayesa kuseka. Anamufunsa kuti ndi sitima yanji imeneyo, popeza njanji iyi inafa kalekale.

"Inafera inu," anatero munthuyo.

Anamenya chitsulo n'kupitirira chakumtunda. Nkhungu inamumeza, kulira kwa nyundo kunamveka kanayi kapena kasanu, kenako kunatha. A Sisitala ndi amene ananena chimene tonse tinkachiganiza, ndipo ananena motsitsa: munthuyo wachokera kumunsi, nanga za pa mlatho wa kumtunda waziona bwanji?

Pamenepo manyazi anandithera. Ndinaika chitini pamchenga pakati pa anthu onse n'kuwauza zonse, za bwato lija, za sitima ya ukwati wathu, za m'chipatala, za patapata. Palibe anaseka. Alamu anandifunsa funso limodzi, ngati pa mlatho uja ndinamuuza. Ndinati ayi. Anayang'ana wotchi yawo. Inali itadutsa fili koloko ndi mphindi khumi.

"Ndine ndinakutsekani pakamwa," anatero. "Nyamulani chitinicho, tiyeni."

A Khoromana anaimirira nawo, akuti pakamwa pamene panalakwa ndi pawo, ndiye miyendo yawo ilipire. A Sisitala anasonkhanitsa otsalawo pansi pa mkuyu n'kuwalamula kuti wina asayerekeze kukwera pa njanji mpaka tibwere.

Simunaonepo amuna atatu a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi akuthamanga pa miyala ya njanji. Sikunali kuthamanga kwenikweni, kunali kudzandira mofulumira. Alamu anagwa kamodzi n'kuchekeka pabondo, anadzuka n'kupitiriza. Nkhungu inakhuthala moti sitinkaona mapazi khumi kutsogolo, ndipo ngakhale unali usana kunkaoneka ngati kukufuna kuda. Munthu wa nyundo uja sitinamupeze, ngakhale ankayenda pang'onopang'ono ndipo njira inali imodzi.

Tili pafupi kufika, a Khoromana anaima n'kutigwira. Anatiuza kuti timvetsere pansi. Amene munakulira pafupi ndi njanji mukudziwa kuti chitsulo chimayamba kuimba sitima isanamveke, kaphokoso kakang'ono ngati udzudzu uli m'botolo. Zitsulo zadzimbiri zija, zoduka m'malo khumi, zinkaimba.

Tinafika pa nambala 31 kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Kutsidya, kumene tinachokera m'mawa, galu uja anali atagona mutu uli pa miyendo. Kuseri kwake, m'mbali monse mwa njanji, munali anthu. Ndikuti anthu chifukwa ndilibe mawu ena. Anali mithunzi yotuwa m'nkhungu, atakhala pansi m'mizere monga amakhalira anthu pa siteshoni, ena ndi mitolo, ena ndi madengu, ena manja ali m'masaya. M'mawa pamalopo panali nsenjere zokhazokha. Wina anatsokomola. Kwinakwake mayi ankatonthoza mwana. Kunkamveka fungo la dizilo ndi la nthochi zakupsa, fungo la ulendo wathu woyamba uja.

A Khoromana anagwada pamiyala. Alamu anati apita nane, koma ndinawakaniza. Amene anamusiya ndine.

Ndinawoloka ndekha, madzi akubangula pansi pa mipata. Palibe mthunzi umene unatembenuka. Pa chitsulo cha kumanzere, pafupi ndi galu, panali mpango wobiriwira uja, wopindidwa kanayi, ngodya zake zolingana bwino monga ankapindira Enifa zovala akamaliza kusita. Ndinautola. Unali wouma ndi wofunda, ngati wangochotsedwa kumutu.

Ndinayesa kulankhula, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, kunong'ona komwe kuja kwa m'sikafu. Palibe chinachitika. Chitsulo tsopano chinkanjenjemera pansi pa nsapato zanga. Kenako kutsidya kunamveka mawu a alamu, mawu awo a paguwa, aja amafika mpaka ku benchi yomaliza.

"Mokweza, alamu! Muuzeni mokweza mlongo wanga amve!"

Ndinavula chipewa, ndinatsitsa sikafu.

"Enifa Muhiwa, mwana wa kwa Mulepa, ndine mwamuna wanu Wayisoni. Ndinachita nanu manyazi pamaso pa anthu. Ndikhululukireni. Enifa, nawa madzi. Tiwoloke."

Mithunzi yonse inagwedezeka nthawi imodzi, ngati chimanga chikawombedwa ndi mphepo. Ndinamva mitolo ikunyamulidwa, mapazi akukhwekhwereza. Pafupi ndi khutu langa wina ananong'ona, sindidziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi.

"Nanga ife?"

Mawu amenewo ndimawamvabe. Analibe ukali, anali a munthu amene wadikira nthawi yaitali. Koma mayina awo sindinkawadziwa, ngakhale midzi yawo. Ndinakumbatira chitini ndi mpango pachifuwa n'kuponda thabwa loyamba.

Kumbuyo kwanga kunali chete. Lachiwiri, lachitatu, chete. Ndinkayenda pang'onopang'ono, ngakhale mlatho wonse unkagwedezeka ndipo kumtunda kunkamveka chinthu cholemera chikutsetsereka m'phiri. A Khoromana ankandikodola ndi manja onse awiri kuti ndifulumire. Sindikanatha. Mkazi wanga ankakoka mwendo, ndipo pa zaka makumi anayi sindinamusiyepo m'mbuyo pa msewu. Pa thabwa lakhumi ndinaima n'kudikira. Ndinaganiza kuti ngati wakana, sitimayo itipeze tonse awiri.

Kenako china chake chinandigwira mkono wa jasi, pamwamba pa chigongono, pamalo pake penipeni. Chitini chinalemera m'manja mwanga. Phwa, phwa.

Sindinatembenuke. Tinayenda mathabwa otsalawo limodzi, ndipo phazi langa litaponda miyala ya kutsidya ndinanena mokweza kuti, "Tawoloka." Dzanja lija linandisiya. Alamu anandikoka, tonse atatu tinagwera m'nsenjere kumunsi kwa njanji.

Chimene chinadutsa sindinachione. Panalibe nyali, panalibe kulira kwa hutala. Inali mphepo yaitali, yolemera, yofunda, ndi kugunda kuja kwa mawilo pa mfundo za njanji, kumamvekera m'chifuwa osati m'makutu. Nkhungu inang'ambika pakati n'kutsekekanso. Kunatenga nthawi yofanana ndi mabogi asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Kenako Ruo anayambanso kumveka.

Titakwera pamwamba, kutsidya kunali nsenjere zokhazokha. Galu anali ataimirira, anadzikung'untha n'kuyamba ulendo wobwerera ku Sandama. A Khoromana anaika dzanja pa chitsulo n'kulichotsa msanga, kenako anatenga dzanja la alamu n'kuliika pomwepo. Chitsulo chinali chotentha. Mapazi makumi awiri kutsogolo kwathu, pakati penipeni pa njanji, panali mtengo wa mthethe wonenepa ngati ntchafu ya munthu, uli chiimire, osathyoka ngakhale kanthambi.

Anzathu tinawapeza ataunjikana pansi pa mkuyu atagwirana manja. Sanatifunse kanthu, ifenso sitinawafunse chimene anamva. A Sisitala anamanga bondo la alamu, ine ndinakulunganso chitini, ndipo tinanyamuka.

Panali patatsala milatho isanu ndi iwiri, ina yaing'ono yobisika m'tchire moti munthu akanaidutsa osadziwa. A Khoromana anapita patsogolo chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Akaona madzi, ngakhale kangalande kongodontha, ankaima n'kunena kuti, "Madzi, a Namakhwa." Dzina la a Kadoma linathera pa mchenga paja. Gulu lonse linkaima, madokotala ndi aphunzitsi omwe, amuna atavula zipewa m'mvula, ine n'kumuuza Enifa mokweza. Pa kamtsinje komaliza, kolowera m'mudzi, alamu anandigwira paphewa n'kupempha kuti pamenepo anene iwo. Anamutchula dzina la paubwana limene ine sindinkalidziwa, ndipo mawu awo anathyoka pakati.

Tinalowa kwa Mulepa kusanade kwenikweni. M'mawa mwake abale anatiperekeza kumanda, ndipo tinakumba kadzenje pafupi ndi manda a apongozi anga. Patapata zija zinanditsatira mpaka pa mitengo yoyamba ya kumandako. Pamenepo zinandipitirira, ndinazimva zikupita patsogolo panga pa masamba ouma, mofulumira, mosakoka mwendo. Sindinazimvenso mpaka lero. Msuweni wake wa Enifa, bambo wachikulire amene anatigoneka, atamva nkhani yathu anangofunsa ngati munthuyo anali ndi nyundo. Titavomera anagwedeza mutu n'kuyamba kukamba za mitengo ya nthochi imene inafa ndi matenda.

Ku Zimbabwe sindinabwererenso. Ndimakhala kuno ku Bangwe, ndipo Loweruka ndimayenda ndi Achinyamata Akale miyendo ikalola. M'minibasi tikamadutsa pa mlatho ndimanenabe mawu aja mokweza. Makondakitala amandidziwa, ena amaseka, ine sizindikhudza. Enifa anafika kwawo, safunanso kuuzidwa. Ndimanenera aja anandifunsa funso ine n'kusowa yankho, mwina wina wa iwo ali pafupi ndipo angamve.

Tsopano mverani chimene ndakusungirani pa mbaula pano nthawi yonseyi. Chifuwa changa sichili bwino, ndipo a Sisitala sandibisira. Ndinawauza kale alamu ndi a Khoromana, koma iwonso ndi okalamba ngati ine, mwina adzatsogola. Tsiku langa likadzafika, malo anga ali kwa Mulepa, kumanzere kwa kadzenje kaja. Kuchokera pa Sandama milatho ilipo khumi ndi itatu. Ndinailemba yonse pa pepala limene lili m'thumba la m'kati la jasi langa la ku mgodi. Dzina langa ndi Wayisoni, musadzanene kuti malemu kapena agogo. Wachisanu ndi chimodzi ndi nambala 31. Mudzayesetse kufikapo folo koloko isanakwane, ndipo kaya pali anthu otani okuyang'anani, pamenepo mudzakweze mawu.